Masitima akale a ku Britain ndi lamulo la anthu aulumali: chimavuta n'chiyani powakonza?

Chidwi_Njanji

Akuluakulu, ndithandizeni. Ku Britain lamulo linaika tsiku la 1 January 2020 kuti sitima iliyonse yonyamula anthu ikhale itakwaniritsa zofunika za anthu aulumali, ndipo tsikuli linadziwika zaka zoposa khumi lisanafike. Koma kumapeto kwa 2019 boma linapereka chilolezo chapadera kwa mabogi pafupifupi 1,200 kuti apitirize kuyenda asanakonzedwe. Chimavuta kwenikweni n'chiyani? Kwa munthu wongoonera patali, ntchito yake ikuoneka ngati yochotsa mipando ingapo, kupaka penti pa zitseko ndi kugula rampu. Komanso n'chifukwa chiyani masitima aang'ono a dizilo otchedwa Pacer anatayidwa, pamene a mitundu ya Class 150 ndi 156, omwe ndi a m'zaka za m'ma 1980 zomwezo, anakonzedwa n'kupitiriza ntchito?

Mmisiri wa Mabogi

A Chidwi, zimene mwatchulazo ndi mbali yotchipa. Penti, zikwangwani, zogwirira zamtundu woonekera bwino, kusankha mipando 10 pa 100 iliyonse kuti ikhale ya okalamba ndi aulumali, zonsezi zimatha msanga. Ndalama zimathera pa chimbudzi ndi pa zitseko.

Tiyambe ndi chimbudzi. Miyezo yonse imachokera pa njinga ya olumala imene malamulo amaitenga ngati chitsanzo: mamilimita 700 m'lifupi, 1,200 m'litali, ndipo kuti itembenuke pamafunika bwalo la mamilimita 1,500. Khomo la chimbudzi lisachepere mamilimita 800 litatseguka, m'kati mukhale malo oimika njinga pafupi ndi mtondo wa chimbudzicho kuti munthu asamukirepo, mtondowo ukhale pakati pa mamilimita 450 ndi 500 kuchokera pansi, ndipo pakhale mabatani awiri oitanira thandizo. Limodzi likhale losapitirira mamilimita 450 kuchokera pansi kuti munthu amene wagwa alifikire. Tsopano kumbukirani kuti bogi ya Mark 3, mtundu wa mabogi akale a maulendo aatali, ndi ya mamita 2.74 okha m'lifupi, poyeza kunja. Mukachotsa makoma, mukaika chimbudzi chotere, n'kusiyanso kanjira koti anthu azidutsa m'mbali, simutsala ndi kalikonse. N'chifukwa chake zimbudzi zambiri zoterezi zili ndi chitseko chokhota chotsetsereka ndi mota. Chitseko chamahinji chilibe kotsegukira.

Chimbudzicho sichilowa pakhomo chathunthu, chimabwera m'zidutswa n'kumangidwira m'kati. Kuti chikhale, mizere ingapo ya mipando imachoka, zotenthetsera za m'mbali mwa khoma zimasunthidwa, nthawi zina windo limatsekedwa. Kunsi kwa bogi ndiye kumakhala mkangano weniweni. Masitima akale ambiri ankangotayira zonyansa panjanji. Kuika thanki yosungira zonyansa si lamulo la aulumali ayi, ndi nkhani ina, koma popeza mwaphwasula kale, ntchito ziwirizi zimachitikira limodzi. Pa sitima ya dizilo ngati 156, kunsi kuli kale injini, thanki ya mafuta, mabatire, matanki a mpweya ndi paipi ya utsi. Mukapeza kampata koika thankiyo, kulemera kumapendekera mbali imodzi, ndiye bogi iyenera kukwezedwa pa sikelo kuti muone ngati mawilo onse akusenza mofanana. Madepoti nawonso ayenera kukhala ndi makina opopera matankiwo, apo ayi thanki ikadzaza chimbudzi chimadzitseka, ndipo sitima yomwe papepala ndi yokwanira imayenda tsiku lonse yopanda chimbudzi cha olumala.

Apa ndi pamene Pacer inagonjera. Bogi yake ndi yaifupi, pafupifupi mamita 15 ndi theka, thupi lake linachokera ku mapangidwe a basi, limakhala pa mawilo anayi okha, ndipo khomo lake ndi la zitseko zopinda lokhala ndi sitepe m'kati. Class 150 ndi ya mamita 20 ndipo ili ndi makomo aakulu a zitseko ziwiri, 156 ndi ya mamita 23. Kuchotsa mipando yofanana pa sitima ya mabogi awiri aafupi kumapweteka kwambiri kuposa pa aatali. Sikuti zinali zosatheka. Kampani ya Porterbrook inakonza Pacer imodzi ya Class 144 mu 2015 n'kuitcha 144e, yokhala ndi chimbudzi cha olumala, koma inathera pa imodzi yomweyo. Mgwirizano ndi boma umene kampani yoyendetsa masitima ya Northern inayamba nawo mu 2016 unali utalamula kale kuti ma Pacer achoke, ndiye panalibe amene akanabweza ndalama zokonzera.

Zitseko za Mark 3 ndi nkhani ina yowawa. Mabogiwa anapangidwa pakati pa 1975 ndi 1988, ndipo chitseko chake chinalibe chogwirira m'kati. Wotsika ankatsitsa windo, kutulutsa mkono, n'kupotokola chogwirira chakunja. Munthu wa manja ofooka kapena wokhala pa njinga sangathe. Kuika chitseko choyenda ndi mota kumafuna kudula thupi la bogi kumapeto, pomwe thupilo ndi limene limasenza katundu yense chifukwa kulibe chimango chapadera kunsi. Mukadula, muyenera kuwotcherera zitsulo zatsopano zobwezera mphamvu imene mwachotsa. Ndipo malo amene mukudulawo, pafupi ndi khomo ndi chimbudzi, ndi amene madzi akhala akulowa zaka 40. Dzimbiri lake silioneka mpaka mutachotsa mapanelo. Kuwonjezera apo, mabogi omangidwa ndi manja salingana ndendende, kotero chitsulo chimene chakwana pa bogi iyi chimakana pa inzake. Zimenezi ndi zimene zinachedwetsa ntchito ya kampani ya Wabtec ku Doncaster pa ma HST, masitima othamanga a mabogi a Mark 3, a makampani a ScotRail, GWR ndi CrossCountry. ScotRail, yomwe inkayembekezera masitima 26, inayamba yayendetsa ena osakonzedwa podikira.

Kalaliki

Ndiwonjezere za malamulo, chifukwa anthu amasokoneza. Malamulo a RVAR a 1998, omwe ndi a ku Britain oonetsetsa kuti aulumali akutha kukwera masitima, ankagwira masitima atsopano okha, oyamba ntchito kuchokera mu 1999. Tsiku la 2020 linabwera ndi lamulo la 2005 loletsa tsankho kwa aulumali. Mu 2008 masitima a njanji zikuluzikulu anasamukira pansi pa malamulo a ku Ulaya otchedwa PRM TSI, omwe anakonzedwanso mu 2014, pamene RVAR ya 2010 inatsala ndi ma tram ndi masitima apansi panthaka.

Unduna wa zamtengatenga sunafune kuti sitima yakale ifanane ndi yatsopano pa milimita iliyonse. Unkayendera mtundu uliwonse wa sitima n'kulemba zoyenera kukonza ndi zoti zisiyidwe. Chogwirira chopatuka pang'ono pa muyezo chinkakhululukidwa, koma kusowa kwa malo a njinga kapena kwa zolengeza masiteshoni ayi. Malo a njingawo amawerengedwa ndi kutalika kwa sitima: amodzi ngati ndi yosafika mamita 30, awiri mpaka mamita 205, atatu mpaka 300, anayi kupitirira apo.

Pali chinthu chimodzi chimene sichindisangalatsa. Lamulo silikakamiza sitima kukhala ndi chimbudzi. Limangonena kuti ngati zimbudzi zilipo, wa pa njinga akhale nacho chomwe angafikire. Ndiye njira yotchipa yokwaniritsira lamulo ndi kukhoma chimbudzi chakalecho. Ena mwa ma Class 153, omwe ndi a bogi imodzi, anachitidwa zomwezo n'kumalumikizidwa ku sitima ina yokhala ndi chimbudzi choyenera. Papepala zatheka, koma wodwala shuga kapena wa vuto la chikhodzodzo, yemwenso ndi mmodzi wa anthu amene lamuloli limati likuteteza, waluzapo.

Ku America anasankha njira ina. Lamulo lawo la ADA la 1990 linafuna kuti sitima iliyonse ikhale ndi bogi imodzi yofikirika, ndipo bogi yakale imagwidwa ndi lamulo lonse ikamangidwanso mwakuti moyo wake watalika ndi zaka 10 kapena kuposa.

WaMagetsi

A Mmisiri afotokoza bwino za zitsulo, koma zamagetsi zimachedwetsanso. Sitima iyenera kulengeza kumene ikupita ndi siteshoni yotsatira m'njira ziwiri, mawu kwa osaona ndi zolemba kwa osamva. Sitima ya 1985 ilibe kompyuta yodziwa pamene ili, ndiye mumaika bokosi lake, chida cha GPS padenga, masikirini, ndi mawaya odutsa bogi ndi bogi. Vuto limatulukira polumikiza masitima awiri. Cholumikizira chili ndi mapini owerengeka ndipo ambiri ali kale ndi ntchito. Mitundu iwiri yokonzedwa ndi makampani osiyana ikalumikizana, yakutsogolo imalengeza bwinobwino, yakumbuyo ili duu kapena ikuonetsa siteshoni yolakwika.

Pa zitseko pamafunika kulira kwa mitundu iwiri kosiyana, kwina kosonyeza kuti chitseko chamasulidwa, kwina kochenjeza kuti chikutseka. RVAR inkati chenjezo liyambe masekondi 3 chitseko chisanayambe kuyenda, TSI imati osachepera 2. Zikuoneka zazing'ono, koma ndiye kuti mukusintha dongosolo la magetsi loyendetsa zitseko, lomwe ndi lomangana ndi loletsa sitima kunyamuka khomo lili lotseguka. Mukakhudza pamenepo, zonse ziyenera kuyesedwanso ndi kuvomerezedwa. Batani nalo liyenera kuwala likakhala lokonzeka, kumveka ndi zala, ndi kudinika ndi chikhatho pa mphamvu yosaposa 15 N, yomwe ndi ngati kulemera kwa kilogalamu imodzi ndi theka. Pa masitima ena mabatani akale anali pamwamba kwambiri, ndipo kuwatsitsa kumatanthauza kuboola khoma pena n'kutseka bowo lakale.

Musaiwale kuwerengera mphamvu. Mota ya chitseko cha chimbudzi, pampu yokoka zonyansa, masikirini, zonsezi zimadya magetsi a jenereta yomwe inayezedwera magetsi ounikira ndi zotenthetsera basi. Kusintha mababu onse kukhala a LED kumapulumutsako pang'ono.

Chidwi_Njanji

Zikomo nonse, zamveka. Nanga zonsezi zikachitika, wa pa njinga amakwera yekha?

Wapa Pulatifomu

Ayi, ndipo apa ndi pamene ndimasiyana ndi amene amati ntchito inatha mu 2020. Muyezo wa pulatifomu ku Britain ndi mamilimita 915 kuchokera pamwamba pa njanji, pamene popondapo pa m'bogi ya masitima ambiri pali cha m'ma 1,100. Kusiyanako, mamilimita ngati 185, palibe wekishopu ingakuchotse, chifukwa kutalika kwa popondapo kumalamulidwa ndi mawilo ndi injini zimene zili kunsi.

Ndiye rampu. TSI imalola kutsetsereka kosapitirira 18 peresenti, ndipo rampuyo isenze makilogalamu 300. Tiwerengere. Pa mamilimita 185 pamafunika rampu yopitirira pang'ono mita imodzi, zomwe n'zotheka. Koma mapulatifomu ambiri akale ndi otsika kuposa muyezo. Tiyerekeze ina ili pa mamilimita 760. Kusiyana kwafika 340, rampu ikufunika ya mamita pafupifupi 1.9. Ngati pulatifomuyo ndi ya mamita 2 ndi theka m'lifupi, kumapeto kwa rampu kwatsala malo osakwana mita, pomwe njinga ikufuna mita ndi theka kuti ikhote. Wogwira ntchito amangogwiritsa rampu yaifupi imene ali nayo, yomwe yaima kwambiri, ndipo njinga yamagetsi yolemera imatha kupendekera chagada kapena kukhula kunsi pamene rampu yakumana ndi khomo. Pa siteshoni yokhota mpata umakulanso, makamaka pa mabogi aatali. Rampu iyeneranso kukhala ndi mapini olowa m'mabowo a pakhomo la mtundu umenewo wa sitima kuti isaterereke, kotero siteshoni yolandira mitundu inayi ya masitima ingafunike marampu osiyana.

Ndipo rampu imafuna munthu. Kuyambira April 2022 wofuna thandizo amatha kudziwitsa kutatsala maola awiri okha, koma uthenga ukapanda kufika ku siteshoni yotsikira, munthu amapitirira nayo sitima.

Kukweza mapulatifomu onse kufika 1,100 sikutheka pa njanji zimene pamadutsanso masitima a katundu, chifukwa angakhule m'mphepete. Zinatheka pakati pa Elizabeth line ku London popeza kumayenda mtundu umodzi wa sitima. Kwina amangokweza kachigawo ka pulatifomu yotsika, monga anayambira ku Harrington mu 2008, koma zimenezo zimangochepetsa sitepe. Njira imene yathandiza kwenikweni ndi sitima yotsika yokhala ndi sitepe yotuluka yokha kutseka mpata, monga za kampani ya Stadler zimene Greater Anglia inayamba kuyendetsa mu 2019 ndi Class 777 ya Merseyrail mu 2023. Imeneyo muyenera kuigula yatsopano.

Mmisiri wa Mabogi

Zoona zimenezo. Ndiyankheko mbali ya funso loyamba imene yatsala, yoti zinachedwa bwanji pomwe tsiku linkadziwika.

Masitima ambiri si a makampani owayendetsa. Eni ake ndi obwereketsa monga Angel Trains, Porterbrook ndi Eversholt. Mwini sangathire ndalama pa sitima ya zaka 30 asanadziwe ngati wina adzaibwereka pambuyo pa 2020, ndipo woyendetsa amene mgwirizano wake ukutha zaka ziwiri zikubwerazi alibe chifukwa cholipirira. Aliyense ankadikira mnzake. Zitadziwika kuti ndi ati akhale ndi ati apite, onse anathamangira ku mawekishopu ochepa omwewo nthawi imodzi. Komanso simungachotse masitima ambiri pa ntchito kamodzi. Ngati ndandanda ya maulendo ikulola kuti awiri okha akhale kokonzedwa, ndipo iliyonse ikutenga milungu 6, gulu la masitima 40 likufuna milungu 120, kupitirira zaka ziwiri, dzimbiri lisanawonjezerepo zake.

Ena sanakonzedwe dala chifukwa olowa m'malo anali ataitanitsidwa kale, kenaka atsopanowo anachedwa. Masitima atsopano a Class 195 ndi 331 opangidwa ndi kampani ya CAF atachedwa, Northern inasunga ma Pacer mpaka November 2020, ena akuyenda atalumikizidwa ku sitima yokwaniritsa lamulo, ndipo ku Wales anafika May 2021.

Poganiza zokonza kapena kutaya, funso loyamba likhale la zaka zimene zatsalira thupi la bogi ndi injini zake, ndipo muliyankhe mutaphwasula bogi imodzi kapena ziwiri zoipitsitsa m'gululo, osati yooneka bwino. Ma 150 ndi 156 anali ndi zaka zambiri kutsogolo ndiponso zitseko zodziyendera zokha kale, ndiye ndalama zinabwerera. Ma HST a CrossCountry analandira zitseko zatsopano pa mtengo wokwera, koma anaimitsidwa mu September 2023, patangopita zaka zochepa ntchitoyo itatha.