Bokosi la Stalingrad: ndigule kapena ndisiye?

Bambo a Tadala: Abale, ndithandizeni nzeru. Ndaona bokosi la Stalingrad (mzinda wa ku Soviet Union umene Ajeremani ndi Asoviet analimbirana pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse) la masewera a nkhondo a patebulo otchedwa Bolt Action, opangidwa ndi kampani ya Warlord Games ya ku Nottingham, ku England. Muli tiasilikali ta pulasitiki ta Germany ndi ta Soviet, kudzanso mabwinja a nyumba. Mtima ukufuna koma thumba likukana.

Anaphiri: Achimwene, chithunzi cha pabokosi chisakunamizeni. Tianthuto timabwera tosapenta komanso tosalumikiza: mutu paokha, mikono paokha, mfuti paokha. Muyenera kugulanso guluu, penti ndi tibulashi. Kamunthu kake ndi ka 28mm, lamba wake kumupenta mpaka maso kulira. A kunyumba kuno anagula lina chaka chatha, theka lake likadali m'kabati.

Mlamu wanu: Gulani alamu, musamvere zimenezo. Nkhondo ya m'tauni ndiye imakoma patebulo. Paja Chuikov, mkulu wa gulu la asilikali a Soviet lotchedwa 62nd Army, analamula anyamata ake kuti azikhala pafupi kwambiri ndi adani, kuti ndege za Germany ziziopa kuponya mabomba poti zipha awo omwe. Ajeremani ankaitcha Rattenkrieg, nkhondo ya makoswe, kulimbirana chipinda ndi chipinda. Patebulo zimatero ndithu. Thanki yanu yodula ija imangokakamira pamphambano, kamsilikali kamodzi kobisala pawindo n'kukusowetsani mtendere. Ndiye pali kathumba ka madayisi: gulu lililonse lili ndi dayisi yake, mumapisa dzanja osayang'ana, yotulukayo ndiyo ikunena amene asunthe. Si ngati bawo kuti ukatha iwe ndine. Mnzako atha kusuntha katatu iwe uli manja lende.

Kamwendo: Zoona, koma alamu anuwo sakukuuzani za tebulo. Limafunika la mafiti 6 kwa 4, ndipo mabwinja a m'bokosi limodzi sangalidzaze. Mukasiya misewu ili mbee, wa machine gun amaliza aliyense masewera asanafike pakati. Ine ndinagula asilikali okha, nyumba ndinapanga ndi makatoni ndi mchenga wothira guluu. Nyumba ya Pavlov, yotchuka ija imene asilikali a Soviet anaiteteza ku Stalingrad, ndinaimanga masabata atatu, mwana n'kudzaikhalira.

Anaphiri: Pepani a Kamwendo, koma ndaseka.

Gogo Nachisale: Ine changa n'chosiyana, ana anga. Pofika pa 2 February 1943, asilikali pafupifupi 91,000 a Paulus, mkulu wa nkhondo wa Germany ku Stalingrad, anali atagwidwa, ndipo obwerera kwawo sanapitirire 6,000. Osanena za anthu wamba amene anafera mumzindawo, m'mphepete mwa mtsinje wa Volga. Zoterezi n'zoseweretsa?

Mlamu wanu: Agogo, mwanena zoona, sindikutsutsani. Koma ine za phiri la Mamayev Kurgan ndi fakitale ya Barrikady, malo amene ankalimbirana ku Stalingrad, ndinazidziwira pamasewera omwewa, kusukulu sitinazimve. Ndipo zizindikiro za chipani cha Hitler sindipenta pa tianthu tanga.

Kamwendo: Ngati malo akuchepa, onaninso masewera ena otchedwa Flames of War. Tianthu take ndi ta 15mm, tauni yaikulu imakwana patebulo lomwelo. Kungoti kupenta kwake ndiye kwa maso a mphaka.

Anaphiri: Funso lenileni palibe walifunsa. Muzisewera ndi ndani? Bokosilo ndi la anthu awiri.

Bambo a Tadala: Apo mwandigwira, achemwali. Tadala ali ndi zaka 6, angomeza mitu ya asilikali. Alamu, Loweruka bwerani ndi anu aja tiyese kaye kamodzi. Tebulo lodyera ndapempha kale, andilola mpaka 5 koloko.