Ndigule galimoto iti, yatsopano yolipira pa app kapena yakale ya mabatani?

Wofunsa, Birmingham:
Abale anga a pagulu pano, makamaka inu odziwa za magalimoto, ndigawireniko nzeru ndisanataye ndalama. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, ndiye popanda galimoto ntchito palibe. Imene ndili nayoyi yatopa, MOT (kuyeza galimoto kwa chaka ndi chaka kuno ku UK) ikubwerayi sindikuona ngati idutsa.

Ndapeza ziwiri. Yoyamba ndi ya 2021, yokongola zedi, sikirini yaikulu pakatipa. Wogulitsa anandionetsa kuti umatha kuitsegula ndi foni, kuona pamene waiimika, mapu ake n'kumakuuza msewu umene wadzaza. Titatsala pang'ono kumaliza m'pamene anatchula chapansipansi kuti zaka zitatu zaulere zinatha, ndikazifuna zimenezo ndizilipira chaka ndi chaka. Yachiwiri ndi Honda Jazz ya 2014, ya petulo, mabatani okhaokha, hita yochita kupotokola. Mtengo wake sukufika ndi theka lomwe la inayo.

Maganizo anga ndi oti ndiyendere zaka zingapo kenako ndiitumize ku Lilongwe, mlongo wanga azinyamulira mayi popita kuchipatala. Kodi ukapanda kulipira galimotoyo imasiya kuyenda? Nanga kumudzi zinthu zimenezi zimagwira?

Wa ku Leeds:
Achemwali, tengani Jazz. Mu 2022 BMW inkalipiritsa £15 pamwezi kuti mpando uzifunda, chonsecho mawaya otenthetsera ali kale mumpandomo, munawagulira limodzi ndi galimoto. Anthu anakalipa mpaka mu 2023 anazisiya. Koma mtima umenewo sunathe. Mu 2025 Volkswagen inayamba kugulitsa mphamvu yoonjezera ya galimoto yake yamagetsi ya ID.3 pa £16.50 pamwezi, kapena £649 kamodzi, mota ndi yomweyo. Kugula nyumba koma chipinda chimodzi n'kumalipirabe lendi kwa amene anakugulitsa, zoona?

Woyendetsa lole, Coventry:
Tisamuopseze munthu. Galimoto siima chifukwa simunalipire, mayi. Injini, mabuleki, magetsi, zonse zimagwira. Chimene chimazima ndi app ndi mapu onena za msewu aja. Ndipo ngati ili ndi Android Auto kapena Apple CarPlay, mumangolumikiza foni ndi chingwe, Google Maps kapena Waze yatulukira pa sikirini, osalipira kanthu. Batani la SOS loitanira thandizo pangozi nalonso ndi laulere. Inu mumayenda usiku muli nokha, ya 2021 imatha kudzigwirira yokha buleki ikaona chinthu kutsogolo. Zimenezo musazipeputse. Muuzeni wogulitsayo akulembereni pa pepala zimene zikugwira lero popanda kulipira, muone ngati zotsalazo mukuzifunadi.

Wa ku Mzuzu:
Probox basi, nkhani yatha.

Makaniko wa ku Biwi:
Mayi, ine ndiyankha za kuno chifukwa galimotoyo idzathera m'manja mwathu. Magalimoto amenewo amakhala ndi SIM yawoyawo mkati, yopangidwira msika umene anagulitsidwa. Ikangotsika sitima ku Dar es Salaam n'kulowa pa Songwe, za app muiwale, ngakhale mutalipira. Si zachilendo kwa ife. Onani za ku Japan zadzaza m'tauni muno. Wailesi zake zambiri zimathera pa 90 FM, timachita kuika band expander kuti munthu amve masiteshoni athu. Mapu amaonetsa misewu ya kwawo. Ukaliza injini kumamveka mawu a mzimayi akulankhula Chijapani, anthu amati ukupatsidwa moni, pamene akungonena kuti khadi lolipirira misewu ya ku Japan mulibe. Zina ukangochotsa batire wailesi imadzitseka, kufuna SD card imene inatsala komweko.

Koma zonsezo galimoto imayendabe bwinobwino, chifukwa AC ili ndi mabatani ake, wailesi titha kuzula n'kuika ina. Zatsopanozi vuto lake ndi loti anaunjika zonse mu sikirini imodzi: hita, AC, kamera yobwerera m'mbuyo, ngakhale zochenjeza za matayala. Ndiye taganizani dzuwa la mu Okutobala, galimoto yakhala panja tsiku lonse, fumbi, mabampu a m'makwalala athu. Sikirini ikafa simungaipeze pa shelefu ku Biwi kapena ku Ndirande. Muitanitsa kunja ndi ndalama zakunja zosowazi, ikafika ifunenso kompyuta ya kampani kuti igwirizane ndi galimotoyo. Ine makina anga oyezera amawerenga zambiri, koma pali pena pamene amangondiyang'ana.

Jazz ndi Fit yomweyi, dzina lokha. Masipeya ambiri timawapeza, anyamata anga amaidziwa. Chokhacho, za ku UK zimadyeka dzimbiri kunsi chifukwa cha mchere umene amathira m'misewu nyengo yozizira. Muikweze muone kunsi musanapereke ndalama. Komanso msonkho wa MRA umayendera zaka za galimoto ndi kukula kwa injini, ndiye ya 2014 podzafika nthawi yotumizayo idzakhala yakalamba. Funsani agenti akuwerengereni.

Wa ku Leeds:
Ndipo sikuti ndi kumudzi kokha akulu. Konkuno mu Ogasiti 2024 Nissan inazimitsa app ya magalimoto ake amagetsi a Leaf opangidwa isanafike 2016, ati chifukwa netiweki ya 2G ikupita kotsekedwa. Galimoto ili bwinobwino, app yapita.

Namwino, Johannesburg:
Chimene chimandinyansa ine ndi ukazitape. Mu 2023 a Mozilla, bungwe la za intaneti, anaunika makampani 25 a magalimoto pa nkhani yosunga chinsinsi cha eni ake, onse analephera. Ku America zinaululika mu 2024 kuti General Motors inkapereka mbiri ya kayendetsedwe ka anthu ku makampani amene amaigulitsa kwa a inshuwalansi. Sisi, mukasankha ya 2021 ija onetsetsani kuti mwini wake wakale wachotsedwa pa app, apo ayi azingoona pamene mwagona.

Woyendetsa lole, Coventry:
Pamenepo ndavomera. Za mabatani nazonso sindikutsutsa, ngakhale Euro NCAP, bungwe loyesa chitetezo cha magalimoto ku Ulaya, inanena kuti kuyambira 2026 izichotsera mamakisi galimoto imene hutala, ma indicator, ma hazard ndi ma wiper ake alibe batani kapena kandodo kogwirika. Ndingoti poti muli ku Birmingham, pothawa zatsopano musakagwere dizilo yakale. Yosafika pa mulingo wa utsi wa Euro 6 imalipira £8 patsiku ikalowa pakati pa mzinda, mu Clean Air Zone. Jazz ya petuloyo ilibe vuto limenelo.

Wofunsa, Birmingham:
Zikomo nonse, mwanditsegula mutu. Ya 2021 ndaisiya, hita yake ili mu sikirini momwemo, ndakafunsa. Koma za msonkho ndi za buleki zija zandigwira mtima, ndiye ndiyamba kufunafuna Jazz ya 2017 kapena 2018 yokhala ndi hita yopotokola. Bambo a ku Biwi, laisensi yanga ndi ya automatic yokha, Jazz ya automatic kumudzi mumaitha?

Makaniko wa ku Biwi:
Timaitha mayi. Giyabokosi yake ndi ya mtundu wotchedwa CVT, imafuna oilo wakewake. Ambiri kuno amathiramo ATF, oilo wamba wa automatic, pakapita miyezi yayamba kunjenjemera ponyamuka. Podzatumiza mudzaikemo zigubu ziwiri za oilo wa Honda weniweni m'buti, buku la service, ndi makiyi onse awiri. Kiyi wachiwiriyo muumirire pogula pomwepo, kudulitsa kuno ndi ndalama zambiri.