Ana akusiya phala m'makapu, ufa ndinapanga ndekha

Amayi a ku Chirimba:
Mwaswera bwanji aphunzitsi anzanga. Ndithandizeni nzeru, mutu wandiima. Pasukulu yanga ya mkombaphala pali ana 46 ndipo amamwa phala 10 koloko m'mawa uliwonse. Teremu ino ndinati ufa wa m'mapaketi wakwera mtengo, bola ndizipanga ndekha. Ndinagula ndowa ziwiri za chimanga, ndowa imodzi ya soya ndi theka la ndowa ya mtedza, n'kukagayitsa zonse pamodzi. Sabata yoyamba ana ankamwa, ngakhale ena ankachita tsinya. Lero tili m'sabata yachitatu, makapu akubwerera odzaza. Kamtsikana kena kapakamwa kandiuza dzulo kuti, "Anti, phala likumveka sopo." Ndalawa, zoonadi likuwawa kukhosi. Makolo atatu andiimbira kuti ana akudandaula m'mimba, mmodzi akutsegula. Ufa watsala wambiri, ndowa yathunthu ndi theka. Ndingowonjezera shuga kapena?

Achimwene a ku Bangwe:
Shuga musawonjezere amayi, mungotha ndalama. Soyayo munakazinga?

Amayi a ku Chirimba:
Ayi achimwene. Ndinangopeta n'kutola timiyala. Ndimati poti phala limakhala pamoto, soya apsera momwemo.

Agogo a ku Ndirande:
Ayi mwana wanga, pamenepo ndiye munaphonya. Soya wamuwisi ali ndi zinthu zimene zimalepheretsa m'mimba kugaya chakudya bwino, ndipo kubwadamuka kwa phala kwa mphindi khumi sikuzithetsa zonse. N'chifukwa chake ana akutupidwa. Fungo la chiwisi lija nalonso limachokera pamenepo.

Ine ndimachita chonchi. Makala akhale oti ayaka kale, malawi atatha. Pachiwaya ndimathira soya pang'ono, woti ndizitha kumutembenuza yense, osati kudzaza. Ndiye kutakasa osapumira, chifukwa mukangoti muyankhe foni pansi papserera pamwamba pali pawisi. Khungu likayamba kung'aluka, tengani kambewu kamodzi, kazizire, mulume. Kakaphwanyika msanga, m'kati muli mofiirira, kafungo kali ngati ka mtedza wokazinga, ndiye kuti wapsa. Kakamatirira m'mano, bwezerani pamoto. Akazizira ndimamupukusa pang'ono mumtondo n'kupeta makoko palichero.

Muyezo wanunso wachuluka soya. Likuni phala, lija linatenga dzina ku Likuni ku Lilongwe, ndi magawo anayi a chimanga, gawo limodzi la soya. Inu mwaika awiri kwa limodzi, kuphatikizanso mtedza.

Achemwali a ku Machinjiri:
Agogo anena zoona za soya, koma kuwawako ine ndikukayikira mtedza. Soya wamuwisi akadavuta kuyambira tsiku loyamba, pomwe amayi akuti zaipiraipira sabata yachitatu. Ufa mukusunga pati?

Amayi a ku Chirimba:
M'ndowa ya pulasitiki yachivindikiro, m'kastolo kathu. Ndi ka malata, kalibe siling'i. Pochoka kuchigayo ndinangothira n'kutseka poopa makoswe.

Achemwali a ku Machinjiri:
Basi, wapezeka wakuba. Ufa umachoka kuchigayo uli wotentha, umafuna kuyanika pamphasa uzizire kaye. Inu mwautsekera ndi thukuta lake, pansi pa malata, ndi dzuwa la Okutobala lino. Mtedza ndi mafuta okhaokha, ukangosinjidwa mafutawo sachedwa kuwonongeka, ndiye sopo akunena mwanayo. Ife kuno mtedza tinausiyiratu, phala ndi chimanga ndi soya basi, mitima ili m'malo.

Agogo a ku Ndirande:
Kusiyiratu ayi achemwali. Phala la nsinjiro ndi limene ana amanyambita kapu. Nsinjiro musamagayitse pamodzi ndi chimanga, muzisinja padera ya masiku awiri kapena atatu, muzithira mumphika phala likuwira.

Mlangizi wa zaumoyo wa ku Zingwangwa:
Pepani ndalowa mochedwa, tinali kusikelo. Ndiyambe ndi mwana akutsegulayo. Makolo ampatse Thanzi ORS ndipo apite naye kuchipatala akalandire mankhwala a zinc, asadikire kuti muone za ufa. Komanso tisathamangire kunena kuti ndi phala lokha. Madzi akumwa mukuthira mankhwala? Makapu mukutsukira m'beseni limodzi kuyambira woyamba mpaka wa nambala 46? Tonse tikukumbukira Januwale wa 2023, sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulira chifukwa cha kolera.

Tsopano mtedza. Amayi, munausankha musanagayitse? Chimene ndimaopa ine ndi chuku. Mtedza wonyala, wakuda m'kati, wobooka kapena wowawa umatha kukhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin. Ameneyu satha ndi kuphika kapena kukazinga, amawononga chiwindi pang'onopang'ono, ndipo mwana sadandaula lero kuti inu mudziwe. Ena ogulitsa amawaza madzi mtedza wamakoko kuti usavute kuswa, kenako n'kuuthira m'thumba usanaume. Chuku chimayambira pamenepo. Chimanga chowola nachonso chimodzimodzi.

Amayi a ku Chirimba:
Adokotala mwandiopsa. Kunena zoona mtedzawo ndinagula wotsika mtengo, wosweka-sweka uja, poganiza kuti ukupita kuchigayo basi. Sindinasankhe. Za makapu ndavomera, beseni ndi limodzi.

Achimwene a ku Bangwe:
Wosweka-sweka uja ndi zotsalira anzanu atasankha kale wabwino. Ine ndinasiya ngakhale kugula nsinjiro zosinjasinja za m'timapepala, chifukwa sudziwa kuti analowetsamo chiyani. Ndimagula mtedza wathunthu, Loweruka timakhala pakhonde ndi akazi anga n'kumasankha. Pambale imodzi pamatuluka kadzanja kotaya, koma mtima umakhala pansi.

Agogo a ku Ndirande:
Ufa wotsalawo mupatse wina wa nkhumba kapena nkhuku, mwina akubwezerani kangachepe.

Mlangizi wa zaumoyo wa ku Zingwangwa:
Agogo, apa pokha ndikutsutsani mwaulemu. Ngati muli chuku, nkhuku nazo zimadwala. Poti mtedzawo sunasankhidwe, ufawo akwirire m'dzenje.

Agogo a ku Ndirande:
Chabwino adokotala, ndagonja. Koma ndowa ndi theka, mayo ine.

Aphunzitsi a ku Chilomoni:
Ndifunse nawo pomwepa. Kwathu makolo ena amadandaula kuti phala ndi lakuda, akufuna la ufa woyera ngati la kunyumba. Mayi wina anachita kunena kuti sakulipira fizi kuti mwana wake azimwa madeya. Mumawayankha bwanji?

Achemwali a ku Machinjiri:
Ine ndimawauza kuti madeya akuwanyozawo ndi amene timanenepetsera nkhuku. Chimanga chikakonoledwa n'kuviikidwa, mtima wake uja wokhala ndi mafuta umapita, mavitamini ambiri amatsalira ku madeya ndi m'madzi a mphale. Chotsala ndi choyera, chokhutitsa, basi. Mgaiwa umasunga zonse. Vuto lake ndi lomwelija, suchedwa kuwonongeka, ndiye kugayitsa kwa mwezi wathunthu sikuthandiza.

Mlangizi wa zaumoyo wa ku Zingwangwa:
Muziwakumbutsanso magulu asanu ndi limodzi a zakudya aja amaphunzira kusikelo: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Phala la ufa woyera ndi shuga ndi gulu limodzi lokha. La mgaiwa, soya, nsinjiro ndi kasupuni ka mafuta ophikira lafika kale magulu atatu mwana asanabwerere kunyumba. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira.

China chimene ndimachiona ndikamayendera sukulu zanu, musandikwiyire, ndi phala lamadzi. Ufa ukayamba kuchepa, ophika amawonjezera madzi kuti makapu akwane. Mimba ya mwana wa zaka zitatu ndi yaing'ono, imadzaza ndi madziwo iye n'kumaoneka ngati wakhuta. Tungani phala ndi supuni n'kuipendeketsa. Likayenderera ngati tiyi, lachepa ufa. Lizitsika mwaulesi.

Achimwene a ku Bangwe:
Zimenezo zandikhudza adokotala, kumapeto kwa mwezi kwathu phala limatha kumwedwa ndi kapu osafuna supuni. Chimene chatithandiza ndi kupumitsa ufa kawiri pasabata. Lachiwiri ndi Lachisanu timaphika mbatata yofiira m'kati, Kaphulira kapena Kadyaubwerere ikapezeka. Ili ndi vitamini A, ana amaikonda, ndipo safuna shuga. Nyengo ya mango ikubwerayi tidzawonjezera kachidutswa aliyense.

Agogo a ku Ndirande:
Ine ndinayesapo kuthira ufa wa bonya m'phala nditamva kuti ndi wabwino. Ana analira ngati ndawamenya. Bonya ndinabwerera naye kunyumba, tinadyera nsima.

Amayi a ku Chirimba:
Ndabweranso, papita masiku asanu ndi atatu. Ufa uja ndinakwirira kuseri kwa chimbudzi, ndikulira mumtima. Ndinagayitsa wa sabata imodzi yokha, zigoba zinayi za chimanga chosankha, chimodzi cha soya wokazinga monga ananenera agogo, ndipo ndinauyanika pamphasa mpaka madzulo. Chiwaya choyamba ndinapsereza, chachiwiri chinatheka. Nsinjiro tikusinja Lolemba ndi Lachitatu. Mabeseni otsukira makapu tsopano ndi awiri, lina la sopo lina lotsukuluzira. Mwana ankatsegula uja anapita kuchipatala, wachira, wayambanso sukulu. Lero makapu abwerera opanda kanthu kupatula awiri, ndipo kamtsikana ka sopo kaja kanapempha kachiwiri.

Chatsala ndi mkono. Kukazinga soya pakachiwaya kanga kakang'ono kwanditengera Loweruka lonse. Alipo ali ndi chiwaya chachikulu, ngakhale cha tchipisi chakale, woti andibwereke kapena andigulitse?

Achimwene a ku Bangwe:
Chilipo amayi, chabooka pang'ono m'mphepete koma soya sangagwe. Lachisanu ndikubwera m'tauni, tikumane pa depoti ya Wenela cha m'ma 3 koloko. Mubwere ndi thumba, chili ndi mwaye.