"Khoswe akakhala pamkhate sapheka": kodi mkhate n'chiyani?

Wophunzira zamagetsi, Moatize:
Akuluakulu, ndithandizeni. Sabata yatha kumalo kumene ndikuphunzira ntchito, khoswe analowa m'bokosi la magetsi n'kukhudza busbar, chitsulo chija chimene nthambo zonse zimakumanapo. Tinangomva phuu! Fungo la ubweya wowauka, mabuleka onse (maswitchi odula magetsi pakagwa vuto) adula, dera lonse mdima bii. Ndinafunsa kuti bwanji sanadule nthambo imodzi yokha. Amisiri athu, bambo achikulire a ku Angónia, anangoti, "Mwanawe, khoswe akakhala pamkhate sapheka," n'kunyamuka kukatenga tochi. Manyazi anandigwira, sindinafunsenso. Ine ndinakulira m'tauni, mkhate sindiudziwa.

Mayi wa ku Domwe:
Mwanangu, mkhate ndi mbiya yaikulu yadothi, yakukamwa kotambasuka. Usausokoneze ndi mtsuko, mtsuko uli ndi khosi. Amayi anga ankauika kuseri kwa nyumba, m'mawa n'kuthiramo madzi ofunda osamba abambo. Kuumba kwake sikunali kwamasewera: kukumba dothi, kuliponda, kudikira uume, kenako kuwotcha. Ndiye khoswe akhale pamenepo, iwe chibonga chili m'manja, ungamenye? Ana a masiku ano mwazolowera mabeseni apulasitiki, n'chifukwa chake.

Mphunzitsi wopuma, Furancungo:
Mayi alondola. Koma mwambiwu kwawo ndi kubwalo la milandu. Wolakwa akakhala mphwake wa mfumu, kapena mwana wa amene akuweruza, mlandu umangozizira. Za magetsizo ine sindikuona pamene zikulowera.

Mmisiri wakale, Songo:
Aphunzitsi, zikulowa, koma theka lokha. Vuto likagwa panthambo imodzi, mwina mphenzi kapena mtengo waigwera, relay, kachipangizo kozindikira vuto, imaona msanga, mabuleka a mbali ziwiri za nthamboyo n'kudula, ena onse magetsi akuyaka. Ameneyo ndi khoswe wa pabwalo, mumangomenya. Koma busbar ndiye mkhate weniweni. Palibe njira yopatulira vutolo popanda kudula nthambo zonse zolumikizidwa pamenepo.

Pamene ndikusiyana ndi amisiri anuwo ndi apa: ife khosweyo timapha ndithu, mkhate uswekeretu. Chifukwa chake n'chakuti majenereta onse olumikizana amayenda mogwirizana pa 50 Hz (magetsi kuzungulira ka 50 pasekondi), ngati amayi atatu osinja mumtondo umodzi. Wina akaphonya kamodzi, misi imawombana. Pa Cahora Bassa pano pali majenereta 5, iliyonse ya 415 MW, pamodzi 2,075 MW. Shoti ikachitika pafupi, voteji imagwa, jenereta imalephera kutulutsa mphamvu yake, koma madzi a Zambezi sakudziwa zimenezo, akukankhabe turbine, chigudumu chozunguza jenereta. Ndiye makina amayamba kuthamanga kuposa anzake. Mukachedwa kudula, sabwereranso mumzere, ndipo mdima wa boma limodzi umasanduka wa chigawo chonse. Nthawi yake sikwana n'komwe sekondi. Pa 50 Hz kuzungulira kumodzi ndi mamilisekondi 20, ndipo panthambo zikuluzikulu timafuna kuti vuto lichoke pakangotha kuzungulira kungapo chabe.

Zimenezi si za ife tokha. Mphamvu yambiri ya kuno imapita ku siteshoni ya magetsi ya Apollo, kufupi ndi Johannesburg, panthambo za DC (magetsi oyenda mbali imodzi) zotalika makilomita oposa 1,400, ndipo kuyambira 1995 mayiko a kuno kummwera ali mumgwirizano wogawana magetsi wa Southern African Power Pool. Mtondo wake ndi waukulu.

Mphunzitsi wopuma, Furancungo:
Ndiye kuti mwambi woyenera ndi uja woti ikawola imodzi zawola zonse, osati wa khoswewu.

Wophunzira zamagetsi, Moatize:
Zikomo nonse. Ndikuganiza kuti amisiri athu ankanenanso zina. Bowo limene khosweyo analowera, amene anaiwala kulitseka ndi mlamu wawo wa abwana. Mpaka lero palibe amene waitanidwa ku ofesi.

Mayi wa ku Domwe:
Ehee! Ndiye umafunsiranji, poti mkhatewo umaupatsa moni m'mawa uliwonse?