Land Rover ya malemu bambo yaima zaka zisanu ku Benga, ndiikonze kapena ndiigulitse?

Moni nonse m'gulu muno, makamaka amakaniko ndi inu amene mumasunga magalimoto akale. Ndilemba motalikirapo, mundipirire.

Kwathu ndi ku Benga ku Nkhotakota, koma ntchito ndimagwira ku Salima. Bambo anatisiya mu 2019. Anasiya Land Rover Series III ya 1978, pikapu yaitali ija ya 109, injini yake ya petulo ya 2.25. Anaigula pa okushoni mu 1994, ine ndili wamng'ono.

Galimoto imeneyi ndi imene inatilera. Nyengo yokolola inkatuta mpunga kudambo, maliro akagwa inkanyamula bokosi ndi nkhuni, ndipo munthu akagogoda usiku tinkadziwa kuti kuli matenda. Usiku wina wa mu Febuluwale, ndili ndi zaka 12, tinanyamula mayi woyembekezera msewu wakumudzi utasanduka phala. Bambo anaima, anakokera kumbuyo giya ya mutu wofiira ija, yopatsa galimoto mphamvu pamalo ovuta, galimoto inayamba kukwawa pang'onopang'ono, matope akumenya m'zitseko, ine nditagwira tochi chifukwa nyali imodzi inali itazima. Tinakafika kuchipatala. Mwana amene anabadwa usiku umenewo pano ali pabanja, ndipo tikakumana amandifunsabe za galimotoyo.

Inaima mu 2020, mabuleki atayamba kuvuta ndipo panalibe woisamala. Ili pansi pa mtengo wa mango. Matayala anaphwa, makoswe anadya mawaya, kumbuyo nkhuku zimaikira mazira. Bodi ili bwinobwino, penti yokha ndiye inasuluka. Koma Loweruka nditagona pansi ndi tochi, chitsulo chopingasa chakumbuyo kwenikweni kwa chasisi, mafupa achitsulo onyamula galimoto yonse aja, ndinachibowola ndi chala. Popondera dalaivala palinso bowo, masamba a mango anaunjikana pamenepo n'kumasunga madzi.

Tsopano pabwera munthu wa ku Lilongwe kudzera mwa dobadoba, akuti apereka K5 miliyoni ndipo adzainyamula yekha pa lole. Amalume akuti tigulitse tifolere nyumba ya mayi, malata ake akudontha. Mayi akuti zili kwa ife ana, koma m'mawa uliwonse amasesa moizungulira. Makaniko wina kuno ku Salima akuti tichotse injini tiike ya dizilo ya Toyota. Bulu buku ikadali m'dzina la bambo.

Mtima wanga ukufuna kuti iyendenso, ndalama zanga ndi za malipiro apamwezi basi. Amene munakonzapo galimoto yotere, chasisi yadzimbiri imapulumuka? Ndiyambire pati? Nanga mtengowu ndi wachilungamo?

Makaniko wa ku Biwi, Lilongwe:
Achimwene, musanaganize za injini yambani ndi chasisi. Bodi isakunamizeni, ndi ya aluminiyamu, sichita dzimbiri. Land Rover anayamba kupanga bodi yotero mu 1948 chifukwa nkhondo itatha chitsulo chinkasowa ku Britain. Koma chasisi ndi chikhoma chapakati pa injini ndi mapazi anu ndi zachitsulo, ndipo ndi zimene zimapha magalimoto amenewa. Tsukani kunsi konse, mutenge hamala yaing'ono, muzigogoda kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Pabwino pamalira kuti ngwe, powola pamamveka ngati mukumenya katoni. Muyang'anitsitse pamene pamangidwa masipiring'i ndi timikono totuluka m'mbali tonyamula bodi. Chopingasa chakumbuyocho chisakuopseni, chimadulidwa n'kuwotcherera china, ndi ntchito yodziwika. Mukapeza kuti mizere iwiri ikuluikulu yawola pakati, pamenepo nkhani yakula.

Mwini funso:
Zikomo bwana. Nanga ndikaika batire ndiyese kuiliza?

Makaniko wa ku Biwi, Lilongwe:
Ayi, chonde musayerekeze. Chotsani mapulagi onse anayi, muthire oyilo pang'ono m'mabowomo, musiye masiku angapo. Kenako funani hendulo, imalowa pabowo lakutsogolo, mupukuse ndi manja. Injini ikazungulira mwapulumuka. Petulo wakale ali mu thanki pansi pa mpando wa dalaivala mumukhuthule yense, wazaka zisanu amatseka kabuleta. Oyilo wa injini musinthenso musanaiyatse.

Mayi wa ku Dwangwa:
Pepani ndi maliro ngakhale papita nthawi. Ine ndilankhula ngati mayi. Mvula ikubwera, ndipo inu mukudziwa mmene inatichitira kuno mu 2024. Galimoto siingafunde munthu. Ngati mulibe njira ina yopezera malata, gulitsani, bambo anu sakanalola kuti mkazi wawo azigona akusuntha mphasa usiku. Koma muwafunse mayi muli awiriwiri, amalume kulibe. Pagulu sanganene zakukhosi.

Dalaivala wopuma wa ku Kamuzu Road:
Mwana wanga, magalimoto amenewa ndinawayendetsa zaka zambiri, msewu wa Kasungu wodutsa m'nkhalango uja usanaone phula. Ya 109 ili ndi difu yakumbuyo (magiya ozungulitsa mawilo akumbuyo) ya mtundu wa Salisbury, yolimba zedi, sithyoka wamba. Injini ya 2.25 ilibe kompyuta, aliyense wodziwa mapointi ndi kabuleta aikonza pansi pa mtengo womwewo. Chimene ndikuchenjeze ndi petulo. Yanga inkayenda makilomita 6 kapena 7 pa lita, ikasenza katundu osafika pamenepo. Ndi mtengo wa petulo wa lerowu, komanso mizere yapafilingi, usaganize zoti uzipita nayo kuntchito kapena kuchita matola pa M5. Ndi galimoto yakumunda ndi yamatenda. Ndiponso isanatuluke pageti, mabuleki onse akhale atsopano, mapaipi ndi masilinda omwe. Ndi madiramu mawilo onse anayi, akakhalitsa amagwira kapena kudontha.

Membala wa ku Nkhotakota boma:
Ikani injini ya dizilo ya 3L ya Toyota basi. Sipeya wake ali paliponse, ngakhale pa Salima pomwepo. Ya Land Rover mukaifuna kuti?

Wosunga magalimoto akale wa ku Blantyre:
Apa ndiye nditsutse. Sipeya wa Series III alipo. Anazipanga kuyambira 1971 mpaka 1985, zochuluka kwabasi, ndipo mpaka lero ku England makampani akupangabe chilichonse, magasiketi, masilinda a mabuleki, ngakhale chasisi yatsopano yathunthu. Ku South Africa zimapezekanso. Vuto ndi ndalama zakunja, chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse choitanitsa chimawawa. Ndiye zing'onozing'ono itanitsani, zikuluzikulu funani kwa amene akuphwasula ina yakufa.

Za Toyotazo, ganizani kawiri. Sikungochotsa iyi n'kuika iyo. Pafunika chitsulo cholumikizira injini ku giyabokosi, zomangira injini zatsopano, ekizozi, mawaya, kenako mukasinthitse nambala ya injini ku Road Traffic. Mukamaliza zonsezo mwawononga ndalama zoposa ovaholo, ndipo amene amagula magalimoto akale safunanso kuiona. Iwo amafuna ya injini yake, nambala zogwirizana ndi bulu buku. Chiyambire pamene Defender yakale inasiya kupangidwa mu 2016, anthu akusakasaka Land Rover zakale m'midzi, n'chifukwa chake munthuyo wavutika kuchoka ku Lilongwe mpaka ku Benga. Sindinganene mtengo ndisanaione, koma wogula amene watchula ndalama asanagone pansi kuona chasisi ndiye kuti akudziwa kuti sangaluze. Pamwamba pake dobadoba alinso ndi yake. Musavomere mtengo woyamba, ndipo mulankhule ndi mwini ndalama maso ndi maso.

Mwini funso:
Zoonadi sanayang'ane kunsi. Anangojambula kachitsulo ka manambala ka m'kati ndi injini, n'kufunsa ngati mapepala alipo.

Wosunga magalimoto akale wa ku Blantyre:
Mwaona? Nanunso kaoneni nambala ya chasisi. Inadindidwa kutsogolo mbali ya dalaivala, pachitsulo chogwira sipiring'i. Palani ndi bulashi ya waya, muyerekeze ndi ya mu bulu buku. Wowotcherera asakhudze pamenepo.

Mlongo wina wa ku Lilongwe:
Nonse mukukamba zitsulo, ine ndikambe mapepala. Galimoto ili m'dzina la malemu ndi chuma cha masiye. Simungaigulitse inu nokha, amalumenso sangagamule. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi ndi ana. Pitani ku ofesi ya DC ndi chikalata cha imfa ndi bulu buku akuuzeni njira yopezera makalata oyendetsera chumacho, kenako umwini usinthidwe ku Road Traffic. Kaya mugulitsa kaya mukonza, apa simungazembe, chifukwa COF (chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi zidzafuna mapepala olongosoka. Ndipo musalole kuti ikwere lole ndalama zonse zisanalowe komanso musanasainirane pamaso pa mboni.

Wowotcherera wa ku Salima:
Ngati mukonza, musalole munthu angomata chigamba pamwamba pa dzimbiri. Powola padulidwe mpaka pachitsulo chamoyo. Thanki ichoke kaye, ili pafupi ndi pamene pali bowo lanulo. Ndipo galimotoyo ichotseni pansi pa mangopo lero lomwe, muikweze pa zidutswa za mitengo, chinyontho chakunyanja kuno sichisewera.

Mwini funso:
Ndabwerera, abale. Dzulo ndinapita kumudzi ndi hamala monga ananenera a ku Biwi. Mizere ikuluikulu ikulira bwino kuyambira kutsogolo mpaka pa wilo lakumbuyo. Chawola ndi chopingasa chija, kamkono kamodzi mbali ya dalaivala, ndi popondera. Nambala ya chasisi ikugwirizana ndi bulu buku. Hendulo ndinaipeza kuseri kwa mipando, bambo anaikulunga m'chiguduli cha thumba la feteleza pamodzi ndi masipanala awo. Oyilo ndathira m'masilinda, sindinapukuse, ndidikira mpaka Loweruka.

Ndinachitanso zimene ananena mayi a ku Dwangwa. Madzulo tili awiri pakhonde, mayi anandiuza kuti iwo safuna kuona galimotoyo ikukwezedwa pa lole ngati mtembo, koma ankaopa kunditsenzetsa katundu. Ndagwirizana ndi mlongo wanga kuti malata tigula ife awiri, iye akagulitsa mpunga ine ndikalandira kumapeto kwa mwezi, ngakhale tiyambe ndi chipinda chogona chokha. Wogula wa ku Lilongwe uja ndamuuza kuti pakadali pano sitikugulitsa. Dobadoba waimba kanayi lero, wakwezanso mtengo. Amalume sanakondwe, ndipo ndikufuna ndikawaone ndekha ndisanapite kwa DC Lolemba.

Bwana wowotcherera, kodi ntchito ya chopingasayo mungadzaigwirire ku Benga konko ndi jenereta, kapena mpaka galimoto ikokedwe kubwera ku Salima? Matayala onse anayi ndi ong'aluka, ndiye ngati n'kukoka ndiyambe ndafunafuna obwereka.