Agogo akukalamba, Chilomwe chawo tichisunge bwanji?

Moni nonse a m'gulu lino, makamaka akwathu a ku Mulanje ndi ku Thyolo.

Ndili ndi agogo anga aakazi, obereka mayi anga, amene amakhala kufupi ndi Chonde. Zaka adutsa 80, maso ayamba kuvuta koma mutu ukadali bwinobwino. Pabanja pathu ndi iwo okha otsala amene amayankhula Chilomwe chenicheni, amadziwa nyimbo za tchopa, ndipo kalongonda amamuphika motaya madzi mpaka osaledzeretsa munthu. Ife tinakulira ku Blantyre, timangodziwa moni basi. Ana athu ndiye ayi ndithu.

Ndinayesa kuwajambula mawu pa foni. Akangoiona foniyo amangoti zii, kenako n'kuyamba kufunsa za mtengo wa feteleza. Ndinawatumizira anawo patchuthi, koma ankangoseka katchulidwe ka mawu, agogo n'kukhumudwa. Kulemba m'kope nakonso kwandikanika poti kalembedwe ka Chilomwe sindikadziwa. Chonsecho akakhala pamkeka ndi anzawo akusenda nandolo, nyimbo zimangotuluka zokha, nkhani za ku Mozambique kumene makolo awo anachokera ndiye osanena. Kumwambo wa Mulhako wa Alhomwe sangathenso kupita, miyendo ikukana, ngakhale ndi pafupi pomwepo.

Ndiye ndifunse: ndingawajambule osawauza, kapena kumeneko n'kulakwira akuluakulu? Inu amene munakwanitsa kuti ana azikhala pansi n'kumamvera agogo awo, munatani? Komanso alipo wodziwa kulemba Chilomwe ku Mulanje kuno woti azikacheza nawo, ine n'kumamupatsa kangachepe? Ndithandizeni chonde.