Kodi Ayuda anafika bwanji mumzinda wa Brighton?

Mlendo wa ku Gombe analemba kuti:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa bwino mbiri ya dziko la England. Mwezi wathawu ndinapita kukapitidwa mphepo ku Brighton, mzinda umene uli m'mphepete mwa nyanja kummwera kwa London, ndipo ndikuyenda m'tinjira ta pakati pa mzindawo ndinaona chikwangwani cha kamsewu kotchedwa Jew Street. Nditatsetsereka pang'ono kulowera kunyanja, mumsewu wa Middle Street, ndinapeza nyumba ya njerwa zachikasu yokhala ndi malemba a Chihebri pamwamba pa khomo, koma zitseko zake zinali zotseka. Munthu wina wodutsa anandiuza kuti imeneyo ndi sunagoge wakale. Ine ndinkangodziwa kuti Ayuda a ku England amapezeka ku London, ku Manchester ndi ku Leeds, kumene kuli mafakitale ndi malonda akuluakulu. Nanga kumalo amene anthu amangopitako kukasamba m'nyanja, iwo anakafunako chiyani, ndipo anafikako liti? Funso lina limene likundivuta kwambiri ndi lakuti, kodi kutsekedwa kwa sunagogeyo kukutanthauza kuti onse anasamukamo?

Mphunzitsi Wopuma anayankha kuti:

A Mlendo, kuti funso lanu liyankhike bwino tiyenera kuyamba ndi mzinda weniweniwo. Kalelo malowa ankatchedwa Brighthelmstone, ndipo anali mudzi wa asodzi umene unasauka kwambiri mphepo za mkuntho zitagwetsa nyumba zambiri mu 1703 ndi mu 1705. Zinthu zinatembenuka cha m'ma 1750 pamene dokotala wina, Richard Russell, anafalitsa chiphunzitso chakuti kusamba ndi kumwa madzi a m'nyanja yamchere kumachiritsa matenda. Anthu olemera anayamba kukhamukirako, ndipo mwana wa mfumu, amene pambuyo pake anadzakhala Mfumu George IV, atachezako koyamba mu 1783, malowo anasanduka bwalo la anthu apamwamba a ku London.

Kumene kwasonkhana anthu andalama kumafunika okonza mawotchi, osula siliva, osoka zovala ndi ogulitsa katundu wamng'onowamng'ono. Ntchito zimenezi ndi zimene Ayuda ambiri ankagwira panthawiyo, chifukwa zitseko za maudindo a boma ndi za mayunivesite zinali zisanawatsegukire. Kumbukirani kuti Mfumu Edward I inathamangitsa Ayuda onse m'dzikomo mu 1290, ndipo analoledwa kubwereranso mu 1656, m'masiku a Oliver Cromwell, amene ankalamulira dzikolo panthawiyo. Myuda woyamba amene dzina lake limapezeka m'zolembedwa za Brighton ndi Israel Samuel, m'chaka cha 1766. Koma amene anayaladi maziko anali Emanuel Hyam Cohen, wochokera ku Bavaria, yemwe anatsegula sukulu ya anyamata ndi kusonkhanitsa anzake kuti azipemphera pamodzi. Malo awo oyamba opemphereramo anali mu kamsewu kamene munakaona kaja, cha mu 1792, ndipo dzina la Jew Street linachokera pamenepo.

Kwa ine chaka chofunika koposa ndi 1826, pamene Thomas Read Kemp, mwini malo amene anamanganso dera la Kemp Town, anawapatsa malo a manda ku Florence Place. Anthu odzangochita malonda a nyengo yotentha sapempha manda. Opempha manda ndi anthu amene atsimikiza mtima kuti ana awo adzakulira pamalopo, ndipo iwo eni adzagona pomwepo.

Nachisale anayankha kuti:

Aphunzitsi afotokoza bwino chiyambi, koma ndikufuna kuwonjezera nkhani ya munthu mmodzi amene anaikidwa m'manda a Florence Place omwewo, chifukwa imasonyeza mmene anthu a mumzindawo ankawaonera Ayuda. Munthuyo ndi Henry Solomon, amene poyamba anali wokonza mawotchi, kenaka n'kuyamba kugwira ntchito za khonsolo ya mzinda. Iyeyu anakwatira mwana wamkazi wa Emanuel Hyam Cohen uja, ndipo mu 1838 anasankhidwa kukhala mkulu wa apolisi a Brighton. Taganizani kulemera kwa chinthu chimenechi. Panthawiyo Myuda wosunga chipembedzo chake sakanatha kukhala m'nyumba ya malamulo ya dzikolo, popeza lumbiro la aphungu linali ndi mawu achikhristu, ndipo lamulolo linadzasintha mu 1858, pamene Lionel de Rothschild anakhala pampando wake. Choncho mzinda wa m'mbali mwa nyanjawu unapereka chitetezo chake m'manja mwa Myuda zaka 20 nyumba ya malamulo isanatsegule khomo.

Mapeto ake anali omvetsa chisoni. Mu Malichi 1844 apolisi anagwira mnyamata wina, John Lawrence, pomuganizira kuti waba kapeti, ndipo Solomon akumufunsa mafunso kupolisi, m'nyumba ya khonsolo, mnyamatayo anatola chitsulo chosonkhezera moto n'kumumenya nacho m'mutu. Solomon anamwalira mawa lake, n'kusiya mkazi ndi ana ambiri. Khamu lalikulu la anthu linaperekeza maliro ake, ndipo anthu anasonkha ndalama zothandizira banjalo. Lawrence ananyongedwa ku Horsham mwezi wotsatira.

Mlamu wake wa Solomon, Levy Emanuel Cohen, ndiye anayambitsa nyuzipepala ya Brighton Guardian mu 1827. Ndikutchula zimenezi pofuna kuonetsa kuti mbadwo wachiwiri wokha unali utalowa kale pakati pa moyo wa mzinda, osati kukhala pambali ngati alendo.

Wokonda Nyumba Zakale anayankha kuti:

Ine ndiyankhapo za nyumba imene munaiona, a Mlendo, ndi zina zimene mwina munazidutsa osadziwa. Ngati munafika pa sitima, ndiye kuti munatsikira pa siteshoni imene mapulani ake oyamba analemba ndi David Mocatta, mmisiri wachiyuda, pamene njanji yochokera ku London inkatsegulidwa mu 1841. Mocatta yemweyo ndiye anakonzanso sunagoge wa ku Devonshire Place mu 1838, amene mpingowo unkagwiritsa ntchito usanasamukire ku Middle Street. Njanjiyo inachititsa kuti munthu azitha kugwira ntchito ku London koma n'kukhala ndi nyumba kugombe, ndipo mabanja olemera achiyuda anali m'gulu la amene anachita zimenezi.

Sir Isaac Lyon Goldsmid anagula malo aakulu ku Hove, tawuni yoyandikana ndi Brighton, mu 1830, ndipo dzina la Palmeira Square linachokera ku ulemu umene dziko la Portugal linam'patsa. Mukayenda m'deralo mudzaona misewu ya Goldsmid Road, Davigdor Road ndi Montefiore Road. Kunalinso banja la Sassoon, lochokera ku Baghdad kudzera ku Bombay, limene linalemera ndi malonda a thonje, komanso, tisabise, a mankhwala ozunguza bongo a opium amene ankatumizidwa ku China. Sir Albert Sassoon anadzimangira chiliza chachikulu ku Kemp Town mu 1892 ndipo anaikidwamo mu 1896, ngakhale kuti mu 1933 mafupa ake anasamutsidwira ku London. Nyumbayo ilipobe mpaka lero.

Sunagoge wa ku Middle Street anatsegulidwa mu 1875, ndipo mapulani ake analemba ndi Thomas Lainson. Kunja kwake n'kofatsa, koma mkati muli nsanamira zokongoletsedwa, zitsulo zopetedwa mwaluso, magalasi amitundumitundu, ndi khonde lam'mwamba lokhalapo amayi monga mwa mwambo wa Ayuda osunga chikhalidwe chakale. Zokongoletsa zambiri zinaperekedwa ndi a Sassoon. Ine nditalowamo ndinakhala chete kwa nthawi yaitali, chifukwa palibe chimene chili kunjako chimene chimakukonzekeretsa zimene ukaone mkatimo.

Mphunzitsi Wopuma anayankhanso kuti:

Zonse zimene anzanga anena n'zoona, koma ndikuopa kuti tingasiye chithunzi chopendekera, ngati kuti Ayuda a ku Brighton onse anali a Goldsmid ndi a Sassoon. Maganizo akuti Myuda aliyense ndi wolemera avulaza anthu ambiri m'mbiri, ndipo sitiyenera kuwathirira madzi pano. Olemerawo mayina awo anatsala pamisewu, koma amene ankadzaza mabenchi tsiku lililonse la Sabata anali atelala, eni timasitolo ndi osunga nyumba zogona alendo. Kuyambira 1881, nkhanza zitabuka mu ufumu wa Russia, Ayuda osauka a kum'mawa kwa Ulaya anathawira ku England mwaunyinji, ndipo ena mwa iwo kapena ana awo anadzakhazikika kugombeko. M'zaka za m'ma 1930 kunafikanso othawa ulamuliro wa Hitler. Ndipo mtendere sunali wokhazikika nthawi zonse, pakuti mu 1948 otsatira a Oswald Mosley, mtsogoleri wodana ndi Ayuda, anayesa kuguba mumzindawo, ndipo panabuka ndewu pamalo otchedwa The Level pamene asilikali akale achiyuda a gulu la 43 Group ndi anthu ena a mumzindamo anawatsekera njira.

Tsopano funso lanu lachiwiri. Ayi, sanasamukemo onse. Kuti mapemphero a mpingo achitike mwa mwambo wakale pamafunika amuna osachepera khumi, ndipo Myuda wosunga Sabata mokhwima sakwera galimoto tsikulo, kotero sunagoge amayenera kukhala pafupi ndi kumene anthu akukhala, poti n'kufika wapansi. Mabanja atayamba kuchoka pakati pa mzinda n'kukakhala ku Hove, nyumba zopemphereramo zinawatsatira komweko. Kunatsegulidwa sunagoge ku Holland Road, wina ku New Church Road, ndipo mu 1967 a mpingo wa Reform, wa Ayuda amene anafewetsa miyambo ina yakale, anatsegula wawo ku Palmeira Avenue, mmene muli mawindo a magalasi okumbukira Ayuda amene anaphedwa ndi a Nazi, otsatira a Hitler. Palinso mpingo wina wofewetsa miyambo, wa Progressive, umene unayamba mu 1935. Ku Middle Street anthu anacheperachepera, mpaka mapemphero a mlungu ndi mlungu anaima mu 2004. Nyumbayo ili m'kaundula wa nyumba zotetezedwa ndi boma, choncho siingagwetsedwe mwachisawawa, ngakhale kuti kuisamalira kumadya ndalama zambiri.

Mlendo wa ku Gombe analembanso kuti:

Ndathokoza kwambiri aphunzitsi, mayi Nachisale ndi inu nonse. Ndinatsikiradi pa siteshoni imeneyo ndipo ndinadutsa pa Palmeira Square, koma sindinadziwe kuti zonsezi n'zolumikizana ndi kamsewu kaja. Ndikadzapitanso ndidzayesa kupeza tsiku limene sunagoge wa ku Middle Street amatsegulidwira alendo, ndipo ndidzafunsa chilolezo kwa akuluakulu a mpingowo kuti ndikaone manda a Henry Solomon ku Florence Place.